Anyani Analirira Pansi Panga ku Mandevu

Anzanga, munthu ukayamba kumera imvi umaganiza kuti manyazi aakulu unathana nawo uli mnyamata, koma ayi ndithu, ena amakudikira kutsogolo, tsiku limene watchena jekete.

Ine ndine Phiri, ndimawotcherera mageti ndi mafelemu a zitseko m'mbali mwa msewu ku Kalingalinga. Tabuleti ndinaigula chifukwa cha ntchito. Makasitomala a masiku ano safotokozanso geti ndi manja, amangotulutsa chithunzi n'kunena kuti ndikufuna ngati ili, ndiye kafoni kanga kamabatani kanayamba kundithawitsira anthu. Nditaigula, maso anatseguka. Mageti a m'mayiko akutali ndinkawaona ndili pabenchi panga, ndikutafuna chimanga chootcha. Vuto linali zala. Zala za wowotcherera n'zokakala ngati khungwa la mtengo, ukafuna kukhudza apa chimatseguka cha apo. Mwamwayi ndinatulukira kuti ukhoza kungoilankhula, umafunsa m'Chizungu, ndipo mayi wina wa mawu osalala amakuyankha, mwinanso kukuwerengera tsamba lonse. Chizungu changa n'chotsimphina, koma mayiyo ankandimva ndipo sanandisekepo.

Tsiku lina mnzanga wakalekale, ba Tembo, anabwera pamalo panga nkhope ili yolemera.

"Ba Phiri, mwana wanga Yohane wapeza mkazi ku Mandevu. Dzina lake ni Mwila, ni Mubemba. Tifuna imwe mukhale shibukombe."

Shibukombe ndi munthu amene akuchimuna amamutuma kukagogoda kwa makolo a mtsikana. Amanyamula mbale zovindikira zomangidwa m'nsalu, ndipo ukwati wonse umakhala pakamwa pake. Akalankhula bwino mbale zimatsala, akaphonya zimabwerera naye. Ba Tembo anandiuzanso kuti bambo a mtsikanayo, bashi Mwila, ndi munthu wouma, anakalambira m'migodi ku Kopa, ndipo mbale za mnyamata wina anazibwezapo kale chifukwa wotumidwayo analowa m'nyumba akutafuna chingamu.

"Yohane sakudya, sagona. Mukalephera imwe, sindidziwa," anatero ba Tembo.

Ndinavomera. Ndikanakana bwanji mwana amene ndinamunyamula ali wakhanda? Koma Chibemba changa chinali cha pamsika, chogulira tomato, ndiye ndinati palibe vuto, tabuleti ilipo.

Ndinayamba bwino. Ndinapeza tsamba la malonje a Chibemba ndi mawu aulemu, ndikuloweza pang'onopang'ono pakati pa ntchito. Koma intaneti ili ngati msika wa salaula, wa zovala zakale zija, umapita kukafuna sokosi n'kubwerako ndi chikhoti. Ndinafunsa za mmene ungalankhulire ndi mpongozi wovuta. Ndinafunsa chifukwa chimene Abemba amalankhulira kwambiri. Kenako, inu mukudziwa kuti ife akummawa timawaseka Abemba kuti amadya anyani, iwo n'kumatiseka kuti timadya mbewa, ndiye ndinati lero ndimve zoona zake, ndinafunsanso limenelo. Yankho lenileni sindinalipeze, m'malo mwake ndinagwera pa kanema wa anyani akulimbirana zipatso, ndipo ndinaonera mpaka kasitomala anandisokoneza, n'kuimitsa kanemayo pakati.

Ndikanalekera pomwepo. Koma ndinati mlenje amayamba wadziwa nyama yake, ndiye ndinalemba dzina la bashi Mwila pa tsamba lija timachezerapo ndi kuikapo zithunzi. Ndinawapeza. Munthu wamtali, wosamwetulira pa chithunzi chilichonse. Ndikutsitsa zithunzizo ndinafika pa china cha pamaliro, bokosi lili pakati, banja litazungulira, ndipo chala changa chinaterereka, kanthu kachikasu kanadumpha pagalasi n'kuzimiririka. Ndinayang'ana, sindinaone chosintha, ndinapitiriza ntchito yanga.

Chinthu chimodzi chimene palibe anandiuza n'chakuti masamba amene watsegula satsekeka okha. Amangounjikana kumbuyo, kudikira tsiku lako.

Loweruka ndinavala jekete, mbale m'manja, tabuleti m'thumba lam'kati, ndinakwera minibasi mpaka m'tauni n'kukwera ina ya ku Mandevu. Njira yonse ndinkanong'ona malonje ngati mwana wa sukulu. Nditafika ndinapeza magetsi atazima, ndiye m'nyumbamo munali zii, popanda wailesi, popanda kulira kwa firiji. Bashi Mwila anakhala pa sofa yaikulu. Pambali pawo panali mlongo wawo wachikulire, amene onse ankamutcha ba mayosenge, kutanthauza azakhali a Mwila. Kukhoma kunali azibambo angapo a m'banjamo, ndipo kuseri kwa katani ya kukhitchini ndinkamva kupuma kwa azimayi. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi chitseko, ndinaika mbale patsogolo panga, n'kuwomba m'manja.

"Mwapoleni mukwai."

Anayankha onse pamodzi. Mtima unakhala pansi pang'ono. Bashi Mwila anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nkhope yanu si yachilendo. Ndimwe ba Phiri ba mageti?"

Anzanga, ndinafufuma. Ndinati taonani, mbiri ya ntchito yanga yafika mpaka ku Mandevu.

"Ndine, mukwai."

"Mmm," anatero.

Tsopano inafika nthawi yonena chimene ndabwerera, ndipo mawu onse amene ndinaloweza anauluka. M'mutu munangotsala mitengo ya tomato. Anthu anali akudikira, ba mayosenge akundiyang'ana mosaphethira. Ndinati ndingosuzumira pang'ono, palibe aone. Ndinasolola tabuleti mwakachetechete, ndinaiika pansi kuseri kwa bondo langa, n'kuikhudza ndi chala chimodzi uku ndikutsokomola kuti nthawi ipite.

Tsamba limene linali pamwamba silinali la malonje. Ndisanaliwerenge n'komwe, chala chinagunda kachizindikiro kowerengera, ndipo mayi uja, amene sanandilakwirepo chigulire, analankhula m'Chizungu chomveka bwino, mokweza, m'nyumba yopanda phokoso ija. Ananena kuti nazi zimene zapezeka pa funso lanu lakuti kodi Abemba amadya anyani.

Palibe anasuntha. Bambo wina kukhoma anali akukanda bondo, dzanja linaima pomwepo.

Ndinakanikiza batani lam'mbali kuti ndichepetse mawu, koma ndinakanikiza mbali yolakwika, mayiyo anakwera ngati mlaliki wa pa siteshoni. Ndinapukuta galasi ndi chikhatho chonse kuti tsambalo lichoke. Linachokadi, mayiyo anakhala chete, ndipo m'malo mwake kanema uja anapitirira pamene ndinamuimitsira. Anyani, gulu lonse, akukuwa, akulira, akumenyana.

Mukanatani inu? Ine nzeru imene inandibwerera inali imodzi. Ndinadzuka pang'ono n'kukhalira tabuletiyo.

Ndiye taganizirani. Bambo wa imvi, jekete yakuda, manja ali pamodzi mwaulemu, maso pansi, mbale za ukwati wa mwana wa mnzake zili patsogolo, ndipo pansi pake pakutuluka kulira kwa anyani. Thupi langa silinatseke mawuwo, linangowasintha, anyaniwo ankamveka ngati atsekeredwa m'mgolo. Galu wa panja anayamba kuuwa. Kuseri kwa katani wina anatsamwa, ndipo ndinamva mapazi akuthamangira kubwalo.

"Nyamukani," anatero bashi Mwila, mawu ali pansipansi.

Ndinanyamuka.

"Bweretsani kuno."

Ndinayenda chogwada n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anaikhudza kamodzi kokha, anyani anakhala chete. Anatulutsa magalasi m'thumba la shati, anawapukuta, anavala. Kenako anayamba kutsegula masamba anga limodzi ndi limodzi, akuwerenga mitu yake mokweza, mosathamanga, ngati akuwerenga mayina a odwala m'tchalitchi. La mpongozi wovuta analiwerenga n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. La kulankhula kwambiri analiwerenga n'kuyang'ana mlongo wawo. Ine ndinkangoona simenti, ndikupempha kuti ing'ambike.

Atafika pa tsamba lomaliza anatulutsa foni yawo, anafufuza pang'ono, n'kunditembenuzira. Chinali chithunzi chija cha pamaliro. Pansi pake panali tinkhope tambiri tolira ta anthu opepesa, ndipo pakati pa tonseto panali kankhope kamodzi kachikasu, kakuseka mpaka misozi. Pambali pake panali dzina langa ndi chithunzi changa, nditaima monyadira pa geti.

"Uyu ni mukulu wanga, ndiye ananilera," anatero bashi Mwila. "Sabata yonse nakhala nifunsa kuti uyu Phiri ni ndani. Manje mwabwera mweka. Tiuzeni, chinakusekesani ni chani?"

Apa Chibemba, Chizungu, zonse zinatha. Ndinatambasula manja kuti aone zala zanga, zipsera ndi zikang'a zake, ndipo ndinalankhula Chinyanja cha kwathu.

"Bambo, sindinaseke. Zala izi n'zimene zinandipereka, sindinadziwe n'komwe kuti zachita zimenezi. Mafunso enawo ndinafunsadi ndine, ndi uchitsiru wanga. Koma mwana amene wandituma sakudziwa kanthu. Ngati pali wobwezedwa, bwezani ine, adzatume wina."

Bashi Mwila anawerama, anaika dzanja pa mbale zija, n'kuzikankhira kwa ine pang'onopang'ono. Kukhulika kwa mbale pa simenti ndikukumvabe mpaka lero. Ndinaona nkhope ya Yohane, ndinaona ba Tembo akundidikira pa mpanda, ndipo kuseri kwa katani wina anayamba kusisima. Sindinachite kufunsa kuti ndi ndani.

Pamenepo ba mayosenge, amene anali asanalankhule chilowereni changa, anatsegula pakamwa.

"Imwe, kumunzi kwanu ni kuti?"

"Ku Katete, mayi."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mapewa awo anayamba kugwedezeka.

"Nenze nadziwa. Ni wakudya mbeba uyu."

Pakati pa Abemba ndi ife akummawa pali ubale wanthabwala umene timautcha chimbuya. Timanyozana poyera, ndipo pamaliro a mbali ina, enawo amabwera kudzagwira ntchito ndi kudzaseka ofedwa kuti chisoni chipepuke. Ine m'mantha anga ndinali nditaiwaliratu.

"Pa maliro ya mukulu wathu palibe wakummawa anabwera kutiseka," anatero ba mayosenge akuyang'ana mlongo wawo. "Tinalira teka. Uyu wabwera mochedwa chabe, na vinyani vake."

Anadzuka, analowa kukhitchini, anabwerako ndi mbale ya ufa, ndipo anandikhuthulira pamutu monga amachitira ndi ambuya awo, anzawo a chimbuya aja, akawagwira. Ufa m'tsitsi, m'makutu, m'matumba a jekete. Azibambo a kukhoma anaphulika, mmodzi mpaka anatsetsereka pampando. Ine ndinangokhala chigwadire, woyera ngati mzukwa, osadziwa ngati ndiseke nawo kapena ndipitirize kupepesa.

Bashi Mwila sanaseke. Anangondiyang'ana, anayang'ana mlongo wawo, anapuma mozama, kenako dzanja lawo linabwerera pa mbale zija n'kuzikokera kwa iwo.

"Mbale zikhale. Yankho muzamva. Koma mukabwera futi, mubwere mweka. Muzungu wanu musiye kunyumba, sitikambirana na ba shibukombe babili."

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, ndinayamba kutsanzika, koma ba mayosenge anati mlendo sachoka ndi njala. Anandibweretsera chakudya, ndiwo yake nyama yakuda, yofutsa, ya timafupa ting'onoting'ono tomwe sindinatizindikire. Anaima pamutu panga manja ali m'chiuno, nyumba yonse ikundiyang'ana, ngakhale katani ija inatseguka.

"Idyani, ba mbuya. Mwafunsa maningi. Lero mupeze yankho."

Ndinayang'ana bashi Mwila kuti mwina andipulumutse, koma iwo anali otanganidwa ndi kupukuta magalasi. Ndinadya, anzanga. Ndinadya yonse, ndinapsopsona ndi timafupa tomwe, ndikuyamikira kuphika.

Ndinabwerera ku Kalingalinga ndili mbuu, kondakitala wa minibasi anandiyalira katoni kuti ndisadetse mpando. Ba Tembo atandiona anagwira pakamwa, ine ndinangoti mbale zatsala, musandifunse zambiri. Zambirizo anazimva okha tsiku lisanathe, chifukwa nkhani ya ku Mandevu siyenda pa minibasi. Ukwati unachitika, Yohane ananenepanso, ndipo ba mayosenge akandiona kulikonse amayamba kudzikanda m'khwapa ngati nyani.

Tabuleti ndikadali nayo, mageti ndimaonabe, ndipo ndinaphunzira kutseka masamba. Koma ndinalumbira kuti sindidzaifunsanso kanthu za anthu amene ndikupita kukakhala pansi m'nyumba mwawo. Za nyama ija, ena amati inali mbuzi, ena amangoseka. Ine sindinafunse aliyense, ndipo sindidzafunsa, chifukwa choopsa n'chakuti inali yokoma.