Cholowa kwa ba Dyton Sichituluka

Ku Kanyama, chinthu chako chikayamba dzimbiri unkachibisa pansi pa bedi, chifukwa ba Dyton Nyirongo akangochiona ndiye kuti chapita. Sanali wakuba, ndipo amene ankawanena choncho Mulungu awakhululukire. Wakuba amabwera mozemba. Ba Dyton ankabwera dzuwa likuswa mtengo, atavala jekete yawo yotuwa, n'kukupatsa moni wonse, kufunsa za ana ndi za mwendo wako uja, kenako n'kuloza ndi chibwano.

"Ichi chakalamba," ankatero. "Chingene mu hisitole."

Basi, chanyamulidwa, iwe uli kukamwa yasa.

Hisitole ankanenayo inali kachipinda ka kuseri kwa kachalitchi kakale ka pa Metodisiti, kamene kanamangidwa pamwala, malo okhawo okwera m'dera lonselo. Mpingo unasamukira kalekale m'tchalitchi chachikulu cha pambali, koma kachalitchi ka njerwa zofiirako anakasiya kuti alendo azidzaona, ndipo ba Dyton anangopemphedwa kusunga kiyi. Kiyi basi. M'kachipindamo munali belu long'aluka, mabuku a nyimbo odyedwa ndi chiswe, ndi benchi imene amati mmishonale woyamba ankakhalapo. Koma munthu ukamupatsa kiyi wamupatsanso maganizo. Posakhalitsa munalowa ambulera ya ba Marjory ogulitsa tomato, chitseko cha minibasi, wailesi yosalankhula, ndi mtondo umene mwini wake anangoutulutsa panja kuti uume. Lamulo linali limodzi: cholowa sichituluka.

Amene lamuloli linawapsetsa mtima moyo wonse anali akazi awo, ba Elina. Iwo anali ndi simbi ya makala, yolemera ngati mwana wonenepa, yokhala ndi katambala kachitsulo pachivundikiro. Anawapatsa ndi mayi awo tsiku la ukwati. Tsiku lina atasita anaiika pakhonde kuti izizire, n'kupita kumsika. Pobwera anapeza pakhonde pali mbee. Sanafunse ngakhale mnansi mmodzi, chifukwa wakubayo ankamuphikira okha.

"Batate bake Chipo, nsimbi yanga ili kuti?"

"Ili bwino."

"Sinafunse ngati yadwala. Nafunsa ili kuti."

"Ili pamalo ya ulemu, bamake Chipo. Pa shelufu ya pamwamba, pafupi na belu."

"Nsimbi ya bamayi banga! Nachisila vovala lelo lamene, ikali yofunda!"

"Ndiye hisitole ya bwino iyo," anatero ba Dyton, "ikali yofunda."

Ba Elina anakuwa mpaka nkhuku za anansi zinathawa. Mawa lake bambowo anabwera ndi simbi yamagetsi yatsopano m'kabokosi, akumwetulira ngati apha njovu. Ndipo kunena zoona inagwira ntchito, mpaka zaka zija magetsi anayamba kubwera ngati mlendo wamanyazi, kungosuzumira n'kubwerera. Ba Elina anali a m'bungwe la amayi a mpingo, ndipo bulauzi ya yunifolomu imafuna kusitidwa mpaka iime yokha. Lamlungu lililonse ankalowa m'tchalitchi atakwinyika ngati tsamba la fodya, amayi anzawo akukodolana ndi zigongono, pamene simbi yawo yabwinobwino ili pashelefu m'kachalitchi kakale pambali pomwepo, ikupuma.

Zoipa kwambiri zinali za mano a ba Nkole. Mkulu ameneyu anali mnzawo wa ba Dyton, ndipo ankakonda kugona masana pabenchi ya mmishonale. Tsiku lina anavula mano ake oikirira, n'kuwaika pazenera kuti nkhama zipume. Podzuka anapeza alowa m'hisitole. Anadandaula, mawu akutuluka ngati mphepo ya m'chubu, abusa analowererapo, koma lamulo linali lamulo. Pamapeto pake ba Dyton anagamula mwachifundo kuti ba Nkole azibwera ndi chakudya chawo, azivala manowo momwemo, akatha kudya aziwatsuka n'kuwabwezera pamalo pake.

Ba Elina atamva zimenezi anayatsa mbaula, anapinda bulauzi, n'kukwera pamwala paja utsi uli tolo.

"Siichoka, chabwino. Nizachisila mwamene muno."

"Awe. Moto siungena mu hisitole."

"Meno ya ba Nkole yasebenza muno tsiku na tsiku!"

"Meno siyayasha moto. Elo imwe muno ndimwe balendo. Mulendo sagwila vinthu, amangoona chabe."

Mlendo! Mkazi amene anawaberekera ana, amene anawachapira jekete imeneyo mpaka zala kusupuka, lero mlendo! Ba Elina anatsika pamwalapo, ndipo sabata yonse ba Dyton anadya ndiwo zopanda mchere osatsegula pakamwa.

Nthawi ina kunabwera azungu a mpingo wa Metodisiti ochokera kutsidya kwa nyanja, makamera ali lende m'khosi. Ba Elina ankasesa panja ndi amayi anzawo pamene anamva mawu a amuna awo akutuluka pazenera, atakwera ngati a mlaliki. Ankauza alendowo kuti simbi imeneyo ndi imene inkasita kolala ya mmishonale woyamba, ndipo katambala kapamwambako kankalira kokha makala akapsa. Tsache linagwa. Ba Elina analowa ngati kamvuluvulu.

"Boza! Boza ya masana! Iyo nsimbi bamayi banga banagula ku Katete, muzungu sanaigwilepo olo na chala!"

Ba Dyton sanaphethire n'komwe. Anatembenukira kwa alendo aja n'kunena m'Chingerezi chawo chodukaduka kuti ameneyu ndiye mwini wake wa simbiyo, ndipo nayenso ngwakale ndithu. Azungu anaomba m'manja poganiza kuti ndi sewero lowakonzera. Anawajambula ba Elina chala chili m'mwamba, kukamwa kuli pululu, ndipo mwina chithunzicho chili pakhoma kwinakwake kutsidya mpaka lero.

Ndiyeno kunabwera mvula ija aliyense wa ku Kanyama amaikumbukira. Madzi analowa pakhomo osagogoda, anafika m'chiuno, n'kuyamba kutulutsa katundu m'nyumba ngati mwini nyumba wokwiya. Anthu anathawira pamwala, kudzaza kachalitchi kakale. Ba Elina anapulumutsa mapoto awiri ndi zovala za m'thupi. Bokosi la mayi awo, zitenje zawo, chithunzi chawo chokhacho, zonse zinapita. Atakhala pansi m'kachipinda kaja, atanyowa, anakweza maso n'kuona simbi ili pashelefu yapamwamba, youma gwaa, katambala kakuyang'ana kutsogolo. Pa zonse zimene mayi awo anawasiyira, chinatsala ndi chimenecho.

Ankayembekezera kuti amuna awo adzitama, ndipo yankho anali atalinola kale. Koma ba Dyton anangokhala pambali pawo, akuyang'ana madziwo.

"Batate banga banachoka ku Nyasalande na mendo," anatero motsitsa. "Njelwa za muno banaumba ni beve. Madzi ya kudala, zaka zakumbuyo, yanatenga sutikesi yabo na vonse. Manje nikafuna kukumbuka nkhope yabo, siibwela."

Ba Elina anafinya madzi m'chitenje chawo. Chifundo chinawagwira, ndipo chinawakwiyitsanso, chifukwa palibe chowawa ngati mwamuna wamakani akapezeka kuti ananena zoona.

"Koma bulauzi yanga ikali yokwinyika," anatero.

Ba Dyton anamwalira nyengo yozizira, mwakachetechete, zimene sizinali khalidwe lawo. Maliro anali aakulu. Aliyense amene anatengeredwapo kanthu anabwera, ndiye kuti Kanyama yense. Zamaliro zitatha, ba Elina anamanga chitenje m'chiuno n'kuuza mwana wawo Chipo kuti, "Manje niyenda kutenga nsimbi yanga. Tione amene azanilesa."

Panalibe wowaletsa. Atafika m'munsi mwa mwala anapeza mulu wa zinthu uli panja, m'ngalande momwe mumadutsa madzi: ambulera, wailesi, mtondo, chitseko cha minibasi, zonse zitaponyedwa ngati za pamtaya. Pamwamba pa masitepe panaima ba Kafula, mlembi watsopano wa komiti ya mpingo, mnyamata wa nsapato zosongoka, kiyi ikuzungulira pachala.

"Mwabwela bwino, mami," anatero. "Tifuna myuziyamu ya zoona manje. Belu, mabuku, benchi, basi kwasila. Ivi vinyalala aliyense atenge vake, vosala vizayenda ku ba sikilapu bogula visulo vakale."

Simbi inali chagada m'matope, katambala katazika mlomo pansi. Pambali pake panali jekete yotuwa, imene ba Dyton ankaikoleka pamsomali m'kachipindamo, itapindikapindika, wina ataipondapo. Ba Elina anatola simbiyo. Inali m'manja mwawo tsopano, patapita zaka zonsezo, ndipo njira ya kunyumba inali yotseguka. Koma mtima unayamba kuwira, mkwiyo woposa wa tsiku la pakhonde, woposa wa tsiku la azungu.

"Vinyalala?" anafunsa. "Nsimbi ya bamayi banga vinyalala?"

"Sinatanthauze so, mami…"

"Ine nazunzika na uyu mudala zaka na zaka! Nangena mu chalichi monga chikwama cha mapepala, banzanga kuniseka, ati hisitole, hisitole! Manje iwe wabwela dzulo chabe, ufuna kuniuza ati nenze kuvutikila vinyalala? Bamene banaumba njelwa izi siuziba olo zina yabo!"

Anthu anayamba kusonkhana. Ba Elina anapita kwa mayi wowotcha chinangwa m'mbali mwa njira, anapempha makala amoto, n'kudzaza simbi ija. Anakutumula jekete, anaiyala pachitseko cha minibasi, n'kuyamba kusita pomwepo, pamaso pa aliyense. Anasita kolala, manja, matumba otoboka chifukwa chonyamula zinthu za eni, akung'ung'udza nthawi yonseyo, misozi ikugwera pansalu simbi n'kuiumitsa. Atamaliza anakhuthula makala panja, poti moto sulowa m'hisitole, anakwera masitepe, ba Kafula n'kuwapatukira okha. Simbi anaibwezera pashelefu yapamwamba. Jekete anaikoleka pamsomali wake.

"Ichi chakalamba," anatero. "Chingene."

Atacheuka anaona ba Marjory akukwera ndi ambulera yawo, kumbuyo anyamata atanyamula chitseko, wina wailesi, wina akugubuduza mtondo. Ba Nkole okha ndi amene anaima pakhomo atagwira kukamwa, chifukwa mano anali atawatola kale pamulu paja.

"Ine nizabweza nikafa," anatero. "Nikali na nshaba zokukuta kunyumba."

Ba Kafula, posowa chochita ndi manja awo, anafikira pashelefu kuti asunthe simbiyo pang'ono, n'kubweza chala msanga.

"Ikali yofunda!"

"Ndiye hisitole ya bwino iyo," anatero ba Elina, n'kutambasula dzanja kuti ba Kafula awapatse kiyi.

Masiku ano ku Kanyama ukhoza kusiya mpando wothyoka pakhonde mwezi wathunthu, palibe wobwera kudzaupatsa ulemu. Zinthu zimangochita dzimbiri pazokha, ndipo pena munthu umapezeka waima pakhomo dzuwa likuswa mtengo, kuyang'ana kunjira ngati pali jekete yotuwa ikubwera. Ba Elina ndiwo amatsegulira alendo pa Metodisiti. Amawauza zoona zokhazokha, kuti simbiyo ndi ya ku Katete ndipo anailanda ndi mwamuna wamakani kuposa bulu, wosamva, woti akanakhalapo bwenzi akumulalatirabe. Lamlungu amalowa m'tchalitchi bulauzi ili yokwinyika ngati kale. Koma jekete ya pamsomali ija, pitani mukaione, ilibe khwinya ngakhale limodzi.