Pasita ya Dona Rozita

Lolemba
Sabata yanga yachiwiri pa sekeretariya ya bungwe lathu la alimi a mbatatesi kuno ku Tsangano. Lero ndikukonza zonse! Kusesa, kupukuta impiresora, makina athu osindikizira, kutaya makalendala akale. Mu komputadori ndikupeza pasita, foda yosungiramo makadi a alimi, yomwe anasiya Dona Rozita, aja a Shefi, mkulu wa bungweli, anawachotsa ntchito mwezi watha. Dzina la pasitayo likunena kuti a Shefi ndi mbuzi. Mayo ine! Sindikuliyang'ana kawiri, ndikulisintha msanga: "Dokumentu". Makadi otengera mbewu Loweruka ndisindikiza mawa.

Lachiwiri
Ndikudina Imprimir kuti makadi asindikizidwe. Zii. Komputadori ikuti "Caminho não encontrado." Akuti njira sikupezeka. Njira yanji, poti impiresora ili pompa, chingwe chake n'chachifupi ngati mkono wanga? Zomwe ndayesa:
kuzimitsa n'kuyatsa, kasanu;
kuuzira chingwe;
kuimenya pang'ono;
kuimenya kwambiri.

Lachitatu
Msonkhano wa maola atatu. A Shefi akuti ndi chisanu cha ku Tsangano, impiresora tiifunditse bulangeti. Achiwiri awo akuti ayi, ndi nsanje ya a bungwe la nyemba. Asankha komiti ya anthu anayi yofufuza njira. Ine ndikungolemba zokambiranazo, mutu pansi. Impiresora yafunda, koma ili duu.

Lachinayi
Tekiniko wa ku Furancungo, pa foni: "Pulogalamuyo ndi yakalekale, achemwali. Imakafuna makadi ku pasita ya dzina lomwe inazolowera. Alipo wasintha dzinalo. Libwezereni ndendende, chilembo ndi chilembo." Thukuta kamukamu! Ndikutseka chitseko, ndikulemba: Shefi ndi mbuzi. Ikukana. Chefe ndi mbuzi. Xefi ndi mbuzi. Shefi_ndi_mbuzi. Masana onse ndikutukwana abwana anga, koma makina sakukhutira. Makadi akapanda kutuluka, alimi abwerera opanda mbewu, ine ntchito yatha.

Lachisanu
Pa njinga yamoto mpaka ku Ntengo-Wambalame. Fumbi m'kamwa, m'makutu. Dona Rozita ndikuwapeza m'munda akukumba mbatatesi. Akundisiya ndili chiimire mpaka atamaliza mzere wonse. Ndikugwada, ndikuulula zonse. Akuseka mpaka kutaya khasu.
"Ma z ndi atatu, mwana wanga. Tsiku limenelo anandikwiyitsa kwambiri."

Loweruka
Ndikulemba: Shefi ndi mbuzzzi. Impiresora ikulira, makadi akutuluka! Alimi ali pamzere panja kuyambira m'mamawa. A Shefi akulowa, akuima kumbuyo kwanga, magalasi pamphuno.
"Wakonza bwanji?"
Ndikuwalozera dzina la pasitayo. Akuwerenga, milomo ikuyenda pang'onopang'ono. Panja amayi akululutira, ena akuimba kutamanda utsogoleri wa a Shefi.
"Nanga tikalisintha?"
"Sisindikizanso, a Shefi."
Akutuluka kukakweza manja kwa anthu.

Lamulungu
Msana ukuwawa, kutchalitchi sindikupita. A Shefi atumiza uthenga pa foni: mawa ndilembe lamulo, lidindidwe karimbo, lipachikidwe pakhoma pomwe aliyense angaone. Wosintha dzina la pasita ija achotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Ndafunsa ngati dzinalo ndililembemo. Akuti inde, ndendende, ndi zilembo zikuluzikulu, kuti pasakhale wolakwitsa.
Chabwino. Bulauzi ya mawa ndasita kale.