Mlendo Amene Ndinamuimiritsa m'Tchalitchi

Mpaka lero ndikamva mlembi wa mpingo akuti alendo aimirire, ndimayang'ana pansi. Kale mlembiyo ndinali ine, kumpingo kwathu kufupi ndi Nsaru.

Chaka chimenecho atsikana ankasowa. Kunkabwera amuna awiri olonjeza ntchito kunja, tonse tikuwakayikira koma umboni palibe. Womaliza kupita anali Tadala, mwana yekhayo wa Mayi Nabanda, amasiye a m'kwaya.

Lamulungu lina ndinaona wogula mtedza wina atakhala kumbuyo ndi amuna awiriwo, jekete lake long'ambika. Ndinamuzindikira. Anali Yosefe, amene ndinamuphunzitsa sitandade 6. Amalume ake anali atandinong'oneza kale kuti ndi kazitape wa boma (ndinalumbira kuti sindiuza munthu, ndipo ndinangouza akazi anga ndi akulu ampingo anayi basi).

Nditaitana alendo, iye sanaimirire. Ndinati ndi manyazi a jekete. Anandipukusira mutu, ine ndinati koma mwanayu ngodzichepetsa. Ndinapita kukamudzutsa ndi dzanja.

"Abale, musaone zovalazi. Uyu ndi mwana wanga wa m'kalasi, diso la boma lenileni. Kwa akuba ana athu, lero madzi achita katondo."

Azimayi anaimba nthungululu, ine ndikunyadira. Pofika nyimbo yachiwiri, amuna aja panalibe.

Titaweruka Yosefe sanandikalipire, ndipo bola akanatero. Anandifotokozera mwaulemu kuti ntchito yake ndi kumva, kuona ndi kupereka lipoti, kumanga munthu ndi kwa apolisi. Miyezi yonseyi ankagula mtedza kuti amuna aja amukhulupirire, ndipo Lachiwiri anali oti akamuonetse nyumba imene ankasungiramo atsikana.

"Tadala ali kumeneko, aphunzitsi," anatero. "Kapena ndinene kuti anali."

Apolisi anakaipeza nyumbayo patapita masabata, mulibe munthu. Tadala sanaonekenso. Manyazi ndinali nawo, koma chimene chimandidya ndi chisoni.

Mayi Nabanda sadziwa za Lachiwirilo. Tikakumana amagwada n'kundithokoza kuti ndinathamangitsa akuba, ana a anzawo apulumuka. Ine ndimangoti zikomo.

Chinsinsi chimenecho chokha ndiye ndachisunga zaka zonsezi, ngakhale akazi anga sachidziwa. Ndipo taonani, ndakuuzani inu.