Kufewetsa Masipika a ku Joni

Lolemba. Maola ofunika: 100. Okwanitsa: 0.

Masipika afika! Awiri, akuda, ofika m'chiuno, ndi ampulifaya yake. Watumiza ndi mwana wanga Dalitso amene ali ku Joni. Thiraki yawatsitsa pa Zalewa, ine n'kuwakweza pa wilibala, ndikukankha mosamala ngati ndanyamula wodwala.

Cholinga n'chimodzi. Lamlungu likubwerali mkazi wanga Esinala akwanitsa chaka ali m'manda. M'foni yake munatsala nyimbo imodzi ya kwaya ya amayi akutchalitchi, gulu lomwe iye ankayimbamo. Pafoni amayi onsewo amangomveka ngati njuchi m'chitini. Ndipo ine mawu a Esinala ndayamba kuwaiwala. Nkhope ndikuiona bwinobwino, mawu ayi. Ndikuchita manyazi polemba zimenezi.

Dalitso akuti m'masipika awa umamva woyimba aliyense payekhapayekha. Koma akuti: "Adadi, atsopano amakhala ouma ngati nsapato. Muwafewetse kaye maola handiredi, motsitsa. Nyimbo ya amayi muike pomaliza."

Malamulo ake:
- voliyumu isapitirire pa 3
- atalikirane ndi khoma mapazi awiri
- pamwamba osaikapo kapu, duwa kapena Baibulo
- osabwereketsa, ngakhale kwa abusa

Ndikuika memori khadi ya nyimbo zamapemphero. Maola 15 patsiku, nkhani yatha. Ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu, izi sizingandivute.

Lachiwiri. Maola: 9.

Magetsi azima 7 koloko m'mawa. Abwera 4 koloko madzulo, aona kuti ndikadalipo, apitanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhonoyo siyendera magetsi.

Nthawi yochepa imene ayaka, ndikumva kunjenjemera kwinakwake. Zimene zikulira m'nyumba muno kupatula masipika:
- malata
- mbale za Esinala m'kabati
- galasi la pawindo, thiraki iliyonse ya ku Mwanza ikamadutsa
- ine, pang'ono

Ndamuimbira Dalitso. Akuti: "Pabalaza padzaza katundu, adadi. Masipika amafuna mpata."

Mawa apeza mpata.

Lachitatu. Maola: 16.

Ndatulutsa zonse panja: mipando, tebulo, kabati, benchi. Pabalaza pangotsala mphasa ndi masipika. Nyimbo zamapemphero zikulira chapansipansi. Ndagona chagada pamphasa, maso otseka, manja pachifuwa, kuti ndimvetsere bwino.

Mipando panja. Nyimbo zachisoni. Nyumba ya munthu wokhala yekha. Ine mphunzitsi wa masamu sindinaphatikize zimenezi!

Ndikudzidzimuka ndi mawu a a Matiki, aneba anga ogulitsa makala, ali pakhomo chipewa chili m'manja: "Atisiyadi aphunzitsi. Ndipo adziyala okha, munthu wadongosolo." Ndikutsegula maso n'kunena kuti muli bwanji. A Matiki adumpha masitepe onse atatu, patapata imodzi yatsala pakhonde.

Ndikutuluka. Amuna akhala kale pamipando yanga. Amayi ali pansi kuseri kwa nyumba, ena ayamba kale kulira. Wina waika masamba pamsewu, njinga zikudutsa mokankha. Pafika nkhuni mitolo inayi ndi ufa mabeseni awiri.

Akufuna kudziwa kuti nanga zonsezi n'chiyani. Ndikuti ndikufewetsa masipika. Mayi wina akuti: "Bola akanamwalira, tikanamvetsa."

Ndawawerenga: anthu 43. Chiikireni Esinala, pakhomo pano sipanafikepo anthu oposa awiri tsiku limodzi. Ndikanakonda akanakhalako pang'ono, koma amwazikana mokwiya. Mlamu wanga sanabwere. Ndasunga.

Lachinayi. Maola: 22.

Tsiku lobweza nkhuni khomo ndi khomo, uku ndikupepesa kuti ndili moyo.

Mkulu wa mpingo wabwera. Akuti nyimbo zamapemphero ndisiye, anthu mitima sinakhazikike. Chabwino. Mipando ndalowetsa. Ndaika nyimbo zovina zimene Dalitso anasiya, voliyumu pa 3 pomwepo.

Pofika masana:
- amuna awiri agogoda kufunsa ngati masese afika
- mayi wa zitumbuwa waika beseni lake pampanda wanga, akuti pali bizinesi
- kumjigo kwamveka kale kuti dzulo ndinafa, lero ndikufuna mkazi wina chaka chisanathe

Chomalizachi chandipweteka. Ndazimitsa. Ndakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa. Kunena zoona ndikanangowauza za nyimbo ija. Koma mwamuna ungaime bwanji pagulu n'kunena kuti mawu a mkazi wanga sindikuwakumbuka?

Lachisanu. Maola: 29.

Nzeru zatsopano zochokera ku Joni: ndiwayang'anitse masipika maso ndi maso, ndiwafunditse mabulangete, azilira okhaokha osasokoneza aneba. Kutentha kwa pa Zalewa kuno, mbuzi zikubisala pansi pa mathiraki, ine ndikufunditsa mabokosi bulangete la Esinala!

Ampulifaya ndaifunditsanso, kuti isaone tsankho. Patatha maola awiri yatentha ngati mbaula, yadzizimitsa yokha. Ndikuikupiza ndi chivindikiro cha ndowa. Yadzuka 3 koloko. Magetsi apita 3:20.

Dalitso akuti: "Ampu simufunditsa, adadi! Komanso ndimanena kabati yokha, osati nyumba yonse." Akunena lero.

Masamu: kwatsala maola 71, masiku awiri. Ngakhale mwana wa Sitandade 4 angandiuze.

Loweruka. Maola: 36.

Abwera a Nambewe kudzatenga beseni lawo la ufa. Ndi amene anali mnzake wa Esinala wa ponda apa m'pondepo, kukwaya ankaima moyandikana. Akhala pakhonde, sakunyamuka. Akuti: "Aphunzitsi, anthu akuti mutu wasokonekera. Ine ndikuti ayi. Tandiuzani, chikuchitika n'chiyani?"

Ndawauza zonse. Ndi munthu woyamba kumuuza. Ndawaonetsa foni, ndawatchulira nyimbo.

Akupukuta beseni loyera kale ndi nsonga ya chitenje. Kenako: "Pepani bambo. Tsiku limene lija a Esinala sanayimbe. Chifuwa chinali chitayamba, mawu osatuluka. Anati basi ine ndikujambulani. Ndi amene anagwira foniyo."

Ndawathokoza. Ndawaperekeza mpaka pampanda, monga mwa ulemu. Pobwerera ndakhala pa wilibala.

Sabata yonse ndikufewetsa mabokosi kuti ndipeze munthu amene mulibemo.

Lamlungu. Maola: 36. Sindikuwerenganso.

Kutchalitchi sindipita, angayambenso kundigwira kuti aone ngati ndine. Kumanda ndapita m'mawa, ndazula udzu, ndabwerako. Magetsi alipo, lero limene sindikuwafuna.

Ndachotsa mabulangete. Ndalumikiza foni. Ouma kaya ofewa, alire basi.

Mwana uja sananame. Amayi onse ali pabalaza panga! A Nambewe ali kumanzere, akutsogola ndi mawu. Kumanja kuli wina akuchedwa ndi sitepe. Kumbuyo khanda likulira, chitseko cha tchalitchi chikulira m'mahinjesi. Ndawapeza mmodzimmodzi, khumi ndi asanu ndi awiri. Iye palibe.

Ndaimirira pakati pa masipika, poti iye anaima chapamenepa, kutsogolo kwa anzake, dzanja m'mwamba. Zimene ndikumvazi ndi zimene ankamva iyeyo.

Ndime yomaliza. Amayi akukoka mpweya kuti amalize ndi Ameni, nyimbo n'kuduka, thi! Miyezi yonseyi ndimati ndi vuto la foni. Ayi ndithu. Ndi chala chake. Zaka 34 Esinala sanandilolepo kumaliza chiganizo, amati wamva kale. Ndiye kwaya akanaidikira?

Ndaseka. Kenako ndalira kwambiri, kuposa tsiku la maliro, voliyumu yanga yopitirira pa 3.

Ndabwereza nyimboyo kasanu, osati chifukwa cha oyimba. Ndikungodikira pamene akuidula.

Dalitso watumiza uthenga: "Adadi, mwawamva amayi?"

Ndayankha kuti eya, ndawamva.