Manambala Amene Bambo Orval Anasiya

Bambo Orval Lindqvist sankatchula dzina la nyenyezi asanaone manambala a malo ake. Ngakhale ija yowala imene mwana aliyense amaidziwa, iwo ankangoti, "Sindikuidziwa imeneyo, ndipatseni manambala." Ndinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zisanu m'kaofesi ka pansi pa nyumba yoonera nyenyezi, paphiri lathu lino ku Arizona. Anthu amatitumizira manambala, ife n'kufufuza m'kaundula wa pa kompyuta kuti pamalopo pali nyenyezi iti. Bambo Orval atamwalira, akazi awo, Mayi Bernadine, anandipatsa kapepala ka manambala a nyenyezi ina amene amuna awo anasiya. Ankafuna dzina la nyenyeziyo pofika Lachisanu kuti lilembedwe pamwala wa pamanda.

Bambo Orval anali munthu wovuta, tisanamizane. Tsiku lina pulofesa wina anatsika masitepe chothamanga, tayi ili paphewa.

"Orval, ndapeza nyenyezi yatsopano!"

Bambo Orval anamaliza kaye sangweji yawo, kenako n'kugogoda kompyuta ndi chala chimodzi.

"Yatsopano? Ili ndi mayina khumi ndi limodzi, bwana. Anailemba kale agogo anu asanamere mano."

"Koma ndauza kale atolankhani!"

"Kawauzeni kuti mwatola nkhalamba."

Ine ndiye ankandikalipira ngati ndinawabera mbuzi. Ndikangotenga dzina loyamba limene kompyuta yatulutsa, ndinkangomva mpweya wawo pakhosi panga.

"Iwe Renata, kuyandikira si kufika ayi. Kompyuta ilibe manyazi, nanga iwenso?"

Akuti ngakhale adokotala atawafunsa pamene pakupweteka, iwo anapempha rula yoyezera.

Lachitatu ndinalemba manambala aja m'kompyuta. Sindinalire, sindinamve chilichonse, zala zinkangoyenda zokha. Inayankha kuti pamalopo palibe kanthu. Ndinayang'ananso kapepalako, ndipamene ndinaona kuti kachita chikasu ndi ukalamba. Anali manambala a kawerengedwe ka 1950, kamene tinakasiya kalekale. Nditawasinthira ku kawerengedwe ka masiku ano, panatuluka nyenyezi ziwiri zazing'ono zoyandikana, ndipo manambalawo anagwera pakati penipeni.

Ndinawaimbira foni Mayi Bernadine.

"Mayi, sanakuuzeni kuti ndi iti?"

"Anandionetsa pa telesikopu tili pachibwenzi, mwanangu, n'kunena kuti imeneyo ndi yathu. Ine ndinangoti eee. Ndinkayang'ana iwowo, kumwambako ndinalibe nako ntchito."

Lachisanu ndinasankha ya kumpoto, popanda chifukwa chilichonse, n'kutumiza dzina lake kwa wosema miyala.

Masiku ano kaofesi kathu kali zii. Ntchito ikutha msanga, aliyense akuweruka nthawi yake, ndipo ine zikundinyansa. Mwala uja anauimika kale. Mwina ndinalembetsa nyenyezi yolakwika, ndipo munthu yekhayo amene akanadziwa wagona pansi pa dzinalo, osadandaula.