Kamisolo ya Mbali Imodzi

Usiku wathawu ndinalota, anzanga, ndipo malotowo anali a kamisolo. Musaseke. Pitirizani kusankha mpungawo, ine ndizinena manja akugwira ntchito.

Inu mayi Chikaonda ndinu achilendo kuno ku Bangwe, ndiye ndiyambe ndi zimene enawa akuzidziwa kale. Achemwali anga a Enelesi, amene ndimakhala nawo nyumba imodzi, anawachotsa bere lakumanzere kuchipatala chaka chatha. Bala linapola bwinobwino. Atachira anayambanso kupita kutchalitchi, atapinda kansalu n'kukalowetsa m'kamisolo mbali yopanda kanthuyo. Ndiye Lamulungu lina akuwerama kuti atole buku la nyimbo, kansalu kaja kanatsetsereka n'kugwa pakati pa anthu. Mayi wina anakatola n'kuwapatsa, amvekere mwataya mpango. Palibe anaseka. Koma kuyambira tsiku limenelo achemwali sanapondenso kunja kwa mpanda, ndiwo amagulira pawindo. Tsono ukwati umene tikusankhira mpungawu ndi wa Ulemu, mdzukulu amene anamulera okha kuyambira ali wakhanda, ndipo iwo akuti sapitako. Ulemu naye akuti agogo ake akapanda kubwera, iye savala velo.

Ndiye m'malotomo kunali masana, dzuwa lili paliwombo. Achemwali anandiitanira kuchipinda kwawo n'kundipatsa kamisolo yawo yakale, yofiirira ija, ataikulunga m'jumbo. Anati ndipite nayo kumsika ndikaifunire inzake yomvera. Ndinakwera minibasi jumbo lili pamwendo, ndiye tisanapite patali ndinamva mawu akuchokera m'jumbomo.

"Mayi, tsegulani pang'ono, ndikubanika."

Ndinatsegula. Kamisolo ija inatulutsa kalamba kamodzi n'kukakoleka pawindo, ndiye inayamba kundifotokozera za moyo wake. Inati inabwera m'belo la kaunjika kuchokera kutsidya kwa nyanja, kumene inagwirako ntchito kwa mzungu wina wosuta fodya. Kwa achemwali inati yakhala zaka zambiri ndipo ilibe nawo chifukwa, koma lasitiki wake anafa kalekale, ndipo waya ukamatuluka n'kumawabaya pachipsera si mwano ayi, ndi ukalamba. Chimene chinkaiwawa kwambiri, inatero, n'chakuti mbali imodzi ikadali pa ntchito pomwe mbali inayo anaichotsa osaiuza n'komwe. Bambo amene ndinakhala naye pampando anagwedeza mutu n'kunena kuti iyenso kukampani anamuchita zomwezo.

Mwadzidzidzi minibasi ija inali lichero, tonse titakhala m'mphepete mwake, likutsetsereka pamtunda mpaka linakaima pakati pa msika. Msikawo sindinaudziwe. Munalibe tomato, munalibe nsapato, monse munali makamisolo okhaokha atalendewera pazingwe ngati mileme, akucheza. Atandiona anayamba kundiitanira okha. Ina yofiira, ya malesi, inandifunsa ngati ndabwerera mwana wanga wamkazi. Ndinayankha kuti ayi, ndabwerera achemwali anga, munthu wamkulu woti ali ndi zidzukulu. Atamva zimenezo, ena mpaka anatembenukira kukhoma.

"Ife ntchito yathu ndi kukweza ndi kuonetsa," inatero yofiira ija. "Za kunyamula katundu wotopa kafunseni kwina."

Ndinayesako imodzi pamwamba pa bulauzi, ya tizingwe tating'ono ngati ulusi, ndiye inandiluma m'mapewa. Ndikunena kuluma kwenikweni, inali ndi mano. Ndinaivula, iyo n'kupepesa kuti ndi mmene anaisokera. Ina ya siponji inati ingathe kubisa chilichonse malinga mwiniwake asamapume kwambiri.

Ndiye panatulukira mwini malonda, bambo wachipewa, n'kundifunsa saizi. Saizi sindinkaidziwa, choncho ndinangomuonetsa manja, lamanja nditalifumbata ngati ndanyamula papaya, lamanzere nditalitambasula. Anayang'ana manjawo nthawi yaitali. Kenako anati iye amagulitsa ziwiriziwiri ngati nsapato, ndipo nkhani ya mbali imodzi ndi yofunika chilolezo cha mkulu wa msika.

Mkulu wa msikayo ndinamupeza m'kaofesi ka malata akudya chimanga chootcha, atavala jekete lakuda ndi malaya oyera. Anandiuza kuti ndifotokoze mwachidule. Ndili mkati mofotokoza, mphuno yake inayamba kutalika, jekete lija n'kumera nthenga, ndiye mwadzidzidzi patebulo panaima khwangwala, chitsononkho chili kuphazi. Ine ndinapitiriza kufotokoza mpaka kumapeto, poti anali asanandiuze kuti ndisiye. Khwangwala uja anatukumula chifuwa chake choyeracho.

"Yangayi ndinabadwa nayo, ndipo sinandithinepo," anatero. "Vuto la anthu inu mumavula."

Ndiye anati nkhaniyi si ya msika, ndikwere pamwamba kwa mayi woona za miyeso. Ndisanatuluke anasuzumira m'jumbo muja n'kupempha waya wa kamisolo yakale ija, akuti akumanga chisa. Kamisoloyo inavomera ndisanayankhe. Inati yakhala ikulakalaka ntchito yokhala pansi, ndipo ndikawapatse moni achemwali. Anatulukira pawindo onse awiri, malamba akuuluzika m'mbuyo.

Kaofesi ka malata kaja kanalibe pamwamba, koma masitepe analipo, ndiye ndinakwera. Kumeneko ndinapeza mayi wovala suti ndi magalasi, chidindo chili m'manja. Anandilozera mpando osandiyang'ana. Nditangotchula mawu oti bere, tebulo linalira kuti phwe, ndiye pamwamba pake panagona nkhumba yaikazi yaikulu, cham'mbali, magalasi ali pamphuno pompo. Inandimvetsera bwino ndithu, kuposa khwangwala. Kenako inadziyang'ana pamimba n'kunena kuti iyo ili nawo mizere iwiri koma sinavutitsepo ofesi ya munthu. Inafunsa ngati chifuwa chikukambidwachi ndi changa. Ndinati ayi, ndi cha achemwali.

"Chifuwa satumira munthu," inatero. "Abwere mwiniwake."

Ndinaiuza kuti mwiniwakeyo satuluka m'nyumba.

"Ndiye bweretsani nyumbayo."

Zinandimvekera zanzeru. Ndinabwerera kwathu, ndinapinda chitenje kukhala nkhata, n'kusenza nyumba yathu ija pamutu, ndi khonde lomwe. Sinali yolemera kwenikweni, inali ngati ndowa yosadzaza, kungoti kabati inkatsetsereka uku ndi uku ndikamakhota. Achemwali anasuzumira pawindo n'kundiuza kuti ndiziyenda bwino, ndikuwatayitsa tiyi. Anthu m'njira ankatipatsa moni monga mwa masiku onse. Mmodzi yekha, inu Nasoko, ndi amene munafunsa ngati tikusamuka, ndiye nditati ayi munapitiriza ulendo wanu wa kuchigayo.

Pofika kumene kunali msika kuja, msika panalibe. Panali bwalo la mpira ndi mtengo wa mango, ndipo pansi pa mtengowo panali makina osokera, opalasa ndi mapazi aja, akudzipalasa okha popanda telala. Khwangwala ndi nkhumba anali atakhala pabenchi chapambali ngati oyembekezera mlandu. Makinawo anandiuza kuti nditule nyumbayo pamthunzi, windo liyang'ane kwa iwo. Nditatula, sanafunse saizi. Anapereka moni kwa achemwali mwaulemu, kenako n'kufunsa kuti, "Mayi, pamawawa pati?"

Achemwali anatula tiyi wawo uja. Ndiye anatseka katani n'kuyamba kuyankhula ali kuseri kwake. Anati malamba ang'onoang'ono anawakumba ngalande m'mapewa, moti madzulo akavula zala zimalowamo. Anati waya umakhala pachipsera penipeni. Anati mkono wakumanzere sufikanso kumsana, ndiye tingowe takumbuyo timawasandutsa mwana woti azidikira Fanesi adzawamange, Fanesi wake ndine. Anati nyengo yotentha nsalu yoterera ija imawatulutsa tizilonda pansi pa bere latsalalo. Anatinso thupi lawo limapendekera mbali imodzi ngati njinga yonyamula thumba kumodzi, ndipo msana umawawawa chifukwa cholimbana nalo tsiku lonse. Ine ndimagona chipinda choyandikana nawo, koma zimenezi ndinazimvera pamenepo, limodzi ndi nkhumba.

Ndiye tepi yoyezera inatsika pamakinapo n'kukwawa pa udzu ngati njoka, inakwera khoma, inati odi pawindo, n'kulowa. Tinamva achemwali akuidandaulira kuti ndi yozizira, kenako akuseka pang'ono chifukwa inkawagirigisha m'khwapa. Inakhalitsamo. Itatuluka inakanong'oneza makina aja, ndipo palibe wina anamva manambala ake, ngakhale khwangwala anatalikitsa khosi.

Makina anayamba kusoka. Nsalu yake inali ya thonje, yofewa ngati yochapidwa kambirimbiri. Malamba anali otambalala ngati zala zitatu, lamba wapansi wotambalala kuposa pamenepo, waya panalibe, tingowe tinali kutsogolo. Mbali yakumanzere anasokako kathumba kotseka ndi batani. Atamaliza anadula ulusi n'kufunsa kuti m'kathumbamo mulowa chiyani.

Apa mpamene akuluakulu aja anadzuka pabenchi. Khwangwala anati muikidwe masanza, ali nawo ambiri kuchisa. Nkhumba inati madeya ndiye abwino, ndipo ikhoza kumabwera kudzayendera mwezi ndi mwezi. Anakangana mpaka nthenga kuthothoka. Makina anangoti ayankhe mwini chifuwa. Achemwali ali kuseri kwa katani anati nsalu ayi, imapepuka, imakwera yokha mpaka kukhosi, mwinanso kugwa. Anati akufuna chinthu cholemerako, choti chikhazikike ngati mnofu, munthu akawerama nacho chiwerame.

"Fanesi," anatero, "m'kabatimu muli mawere aja tinasungira thobwa."

Nkhumba inavula magalasi n'kuganiza kwa kanthawi. Kenako inanyamula chidindo n'kudinda pansalupo.

"Mawere ndi mawere," inatero. "Palibe mlandu."

Ndinatapa mawerewo ndi kapu, makina anawasokera m'kansalu kozungulira, tinalowetsa m'kathumba muja n'kutseka batani, ndiye ndinapereka kamisoloyo pawindo. M'nyumbamo munamveka tingowe tikulowa, popanda wondiitana. Kenako achemwali anapuma mpweya wautali, wautali zedi, moti makatani onse anatulukira kunja ndipo mtengo wa mango unayoyola masamba. Chitseko chinatseguka. Anaima pakhomo atavala chilundu chawo chobiriwira, mapewa ali ofanana, koma phazi silinadutse pakhomopo.

"Nanga chikagwanso?" anafunsa.

Makina anati awerame aone. Anawerama mpaka kugwira pansi. Anadumpha kawiri, munthu wamkulu ngati uja. Palibe chinagwa. Komabe anaima pomwepo atagwira chitseko.

Mwadzidzidzi bwalo la mpira lija linali ukwati. Anthu anali atadzaza, nonsenu munalipo mutavala yunifolomu ya chitenje imene sitinagulebe ija. Mkwati anali atadikira mpaka udzu unamera kuzungulira nsapato zake. Amayi a kwaya anali atatsegula pakamwa koma nyimbo sinkatuluka, akuti woimba ng'oma sanabwere ndiye sakudziwa poyambira. Ulemu anaima pakati pa bwalo, velo lili m'manja, akuyang'ana khomo la nyumba yathu.

Achemwali anatulutsa phazi limodzi, kenako linalo, ndiye mawere aja m'kathumba analira kuti tseche. Anaima n'kugwira pachifuwa, n'kundiyang'ana ine. Anapondanso, tseche. Anapondanso, tseche. Ndinaona nkhope yawo ikufuna kubwerera m'nyumba. Koma mayi wina wa kwaya, yemwe uja anatola kansalu kutchalitchi, anapendeketsa mutu kumvetsera, ndiye anayamba kuwomba m'manja motsatira kulirako. Anzake anamutsatira, nyimbo n'kutuluka. Achemwali akafulumira, nyimbo inkafulumira. Akaima, kwaya yonse inkaima pakati pa liwu kuwadikira. Ataona kuti zili choncho anasiya kugwira pachifuwa, mapewa anayamba kugwedezeka okha, n'kudutsa pakati pa anthu mpaka kukafika pamene panali Ulemu. Analandira velo lija, anakweza mikono yonse iwiri, ndi wakumanzere uja wosakwera, n'kumuveka.

Ine ndinatsala pansi pa mtengo wa mango ndi nyumba, chitseko chili pululu. Palibe anandiuza ngati ndiibweze kwathu kapena ndidikire phwando lithe. Ndinafunsa makina, koma anali atasanduka makina wamba, atavundikiridwa ndi nsalu. Ndiye ndinakhala pakhonde n'kumamvera tseche, tseche uja chapatali, ndipo pang'onopang'ono anayamba kuuma, kukhala kho, kho, kho, ngati chitsulo pamwala.

Ndinatsegula maso kunja kutayera. Kho, kho, kho uja anali akumvekabe kuseri kwa nyumba. Anali achemwali, akugogoda simbi ya makala pamwala kuti phulusa lichoke. Kenako ndinawamva akuuzira moto. Sindinawafunse chimene ankafuna kusita.