Malo Asanu Oti Adzukulu Anga Adzaone

Lolemba

Dzulo Joyisi, mwana wanga mmodzi yekhayo, anaimba foni kuchokera ku Blantyre. Ndinamufunsa ngati abwera ndi ana tchuthi chino. Akuti, "Tiona, bambo." Chaka chatha analinso tiona. Kenako ndinamva Tadala, mdzukulu wanga wamkulu, akulankhulira kumbali, osadziwa kuti foni imatola zonse: "Kwa agogo kulibe choona. Nandolo basi."

Nandolo basi. Phalombe yonseyi!

Ine ndaphunzitsa Sitandade 6 mpaka imvi mbuu. Linga la Fort Lister ndalijambula pa bolodi kosawerengeka, ndi choko cha mitundu. Kunena zoona sindinapondeko phazi, ngakhale msewu wochoka kuno ku Nkhulambe kupita kuboma umadutsa chapafupi. Koma zimenezo zithere m'kabuku muno.

Ganizo langa ndi ili. Sabata ino ndiyendera malo asanu, tsiku lililonse ndizitumiza chithunzi pa gulu la banja la pa foni. Pofika Loweruka anawo adzakhala akulirira okha ulendo, mayi wawo adzasowa pothawira.

1. Chimwala chimene napolo anatsitsa m'phiri
2. Phiri la Michesi
3. Nyanja ya Chilwa
4. Fort Lister
5. Tchalitchi chakale cha njerwa kumishoni

Njinga ndapopa, tcheni ndathira mafuta. A Eneresi, mlamu wanga, mng'ono wa malemu mkazi wanga, andipeza ndikupukuta masipoko. Akuti, "Alamu, mwapeza mbeta kodi?" Ndangoseka. Pano ndi kwawo, ine ndine mkamwini, ndipo chimwalirireni mkazi wanga ndimakhala ngati mlendo amene basi yamusiya. Moni amandipatsa, sindinganame. Koma macheza anapita ndi malemu.

Lachiwiri

Chimwala chili kutsidya kwa mtsinje, ola limodzi pa njinga. N'chachikulu ndithu, kuposa nyumba yanga kuphatikiza khitchini. Chinagubuduka m'phiri chaka cha madzi chija, n'kudzakhala pakati pa munda wa munthu, ndipo mwini munda amangolima mochizungulira.

Vuto loyamba: mbali yonse yosalala amayi ayanikapo makaka, chinangwa chosenda chili mbee. Pamwamba pake thalauza la wina.

Vuto lachiwiri: wondijambula palibe. Zimenezi sindinaziganize pokonza mndandanda. Ndatambasula mkono monga amachitira a masiku ano. Zatuluka izi: mphuno yanga, mphuno yanga ndi khutu, thambo, chala. Chimwala chachikulu chonchija sichikuoneka paliponse.

Vuto lachitatu: ndatulutsa kabuku kuti ndilembe kukula kwa mwalawo. Potukula mutu, amayi asanu ndi awiri aima pamzere. "Aphunzitsi, ndi za ufa kapena za feteleza?" Ndafotokoza kuti ndangobwera kudzaona mwala. Wina akuti, "Mwalawu watani?" Ndati sunatani. "Ndiye mukuuoneranji?" Sanachoke mpaka ndalemba mayina awo onse, akuti mwina zingadzabwere.

Ndatumiza chithunzi cha khutu chija, poti pakona pake pakuoneka kanthu kotuwa. Joyisi wayankha ndi chala chachikulu chokweza m'mwamba. Tadala chete, mng'ono wake Chisomo chete.

Lachitatu

Michesi. Ndadzuka kuli chiperoni, nkhungu ndi kamvula kowaza. Phiri limene ndimaliona tsiku lililonse ndikutsuka m'kamwa lasankha lero kubisala.

Ndapitabe. Ndakwera mpaka mawondo ayamba kudandaula, ndakhala pansi pa msuku kudikira kuti mtambo uchoke. Sukuchoka.

Za phiri limeneli aliyense kuno amadziwa. Ukapeza chakudya m'njira ndi cha mizimu. Udye wekha, usaitane mnzako, usatengeko kunyumba. Ndili mwana lamuloli linkandiopsa kwambiri. Lero ndazindikira kuti ndakhala ndikulisunga zaka zitatu patebulo panga, popanda mzimu wondiuza.

Ndatulutsa kamba wanga, chinangwa chophika ndi nthochi ziwiri. Pepala lanyowa, ndiye ndayala pa tsamba. Ndikudya choncho, bambo wina wosenza nkhuni watulukira mu nkhungu. Wayang'ana ine, wayang'ana tsamba. Ndamupatsa moni, chete. Ndayesa m'Chilomwe, chete. Ine poti ndakondwa kuona munthu, ndati, "Bwerani tidye, achimwene." Waponya nkhuni pansi, liwiro la mtondo wadooka, osacheuka. Ndafuula kuti chinangwachi ndaphika ndekha, koma ndikuganiza kuti kufuulako kwangoonjezera.

Nkhuni zake ndaziimika pa mtengo kuti akazipeze.

Chithunzi chatuluka choyera chokhachokha. Ndalemba pansi pake kuti, "Michesi, kuseri kwa ichi." Joyisi akuti, "Bambo, pukutani kamera."

Madzulo msana ukundipweteka. Mafuta opaka alipo, koma pakati pa msana dzanja langa silifika.

Lachinayi

Ku Chilwa n'kutali, yakapalasa singafike. Ndakwera njinga yamoto. Wa kabaza akundifunsa, "Kuli maliro, madala?" Ayi. "Mukukagula matemba?" Ayi, ndikukaona nyanja. Njira yonse amangondiyang'anayang'ana pagalasi.

Nyanja sitinaipeze. Yaphwera kutali. Pamene tafika pali matope ong'aluka, mabwato atatu ogona chammbali, ndi mbuzi imodzi yoima m'bwato, kutafuna chingwe. Msodzi wina wosoka ukonde akuti, "Madzi alipo, ali uko. Mukayenda mpaka dzuwa lipendeke muwapeza." Kwa iye ndi nkhani wamba, ngati kuti nyanja yangopita kumsika.

Ndayenda pang'ono. Matope ouma pamwamba, ofewa pansi. Nsapato yakumanzere yatsalamo, ndaivuula ndi manja awiri, pochita zimenezo yakumanja yalowanso. Ndatuluka ndili matope mpaka m'mawondo ndi m'zigongono.

Chinthu chimodzi chokha chinali chokongola. Mbalame zoyera zambirimbiri zanyamuka pamodzi mu mlulu, udzu wa m'dambo uja, n'kuzungulira, dzuwa likuziwalira. Ndatembenuka kuti ndinene "taona". Kumbuyo kwanga kunali wa kabaza yekha, chapatali, maso pa foni. Zimenezi zandiwawa kuposa za nsapato.

Tadala wayankha koyamba! Akuti, "Agogo, umenewu ndi munda wanu?" Ndamulembera mizere khumi ndi iwiri, za nyanja yopanda mtsinje wotulukamo, za kuphwa ndi kudzaza kwake, za matemba. Foni ikuonetsa kuti sanatsegule.

A Eneresi andiona ndikutsika pa kabaza. Sananene za mbeta. Angoima ndi lichero m'manja mpaka ndalowa m'nyumba.

Lachisanu

Fort Lister. Apa ndiye pagona nkhani yonse, zinazo zinali zoyesera. Ndamangirira khasu ndi chikwanje pa kaliyala, poti ndamva kuti udzu ndi wautali ndipo chithunzi cha lero chiyenera kuoneka bwino.

Linga limene ndinkajambula pa bolodi linali ndi nsanja zinayi, chipata chachikulu ndi mbendera. Lenilenilo ndi zipupa zogumuka, zina zofika m'chiuno, ndi manda angapo a azungu. Ana onse amene munadutsa m'manja mwanga, mundikhululukire.

Koma malowo ndi enieni. Ukaima pamenepo, Michesi uku, Mulanje uku, mpata pakati, umaona wekha chifukwa chake ogulitsa akapolo ankadutsitsa anthu pano, ndi chifukwa chake asilikali anamanga pomwepa kuti atseke njira. Anthu omangidwa m'khosi ankaponda pamene ndaima ine, kucheuka komaliza kuona kwawo. Ndakhala kanthawi chipewa chili m'manja.

Kenako ndayamba kulambula udzu pafupi ndi manda. Amuna anayi atulukira kuchokera m'minda. "Madala, mwalipeza?" Ndati chiyani? "Musatibise. Azungu anakwirira bokosi pano, aliyense amadziwa. Mapu ali m'kabuku kanuko." Ndati za bokosi sindikudziwa, koma mbiri ilipo, khalani pansi.

Akhala pansi! Anthu anayi akundimvetsera, koyamba chipumireni pa ntchito. Mawu anga a m'kalasi abwerera okha, ndi "tikumvana?" yemwe. Ndajambula mpata wonse padothi ndi kamtengo. Ndimamva kukoma mpaka m'mafupa. Nditafika pakati, wina wakweza dzanja mwaulemu. "Ndiye bokosilo lili mbali iti?" Ndati palibe bokosi. Anyamuka onse nthawi imodzi, kusasa mathalauza.

Wotsalira m'mbuyo ndamupempha kuti andijambule. Wajambula bwino kwabasi, chithunzi choyamba sabata ino chimene ndikuonekamo yense. Ndatumiza pomwepo. Nditafika kunyumba ndi pamene ndachiyang'anitsitsa. Ndaima pambali pa manda, khasu paphewa, thukuta kamukamu, ndikumwetulira mano onse.

Pa gulu palibe wayankha, ngakhale ndi chala.

Loweruka

Ndikumanga nsapato kuti ndipite kumishoni, galimoto yaima pabwalo. Joyisi! Ndathamanga zingwe zili lendelende, ndasuzumira kumpando wakumbuyo. Kuli chikwama chachikulu. Ana kulibe.

Zadziwika kuti a Eneresi akhala akumuimbira kuyambira Lachitatu. Milandu yanga ndi iyi:

kulemba mayina a akazi a eni
kudya chakudya cha mizimu, n'kuitanirako ena
kukasamba matope ku Chilwa
kukumba manda a azungu

Wachinayiwu umboni ndinatumiza ndekha.

Joyisi ndi namwino. Wandikhazika pakhonde, wandiyeza kuthamanga kwa magazi, wandiunika m'maso. Kenako mafunso, ndi mawu ofewa aja amalankhulira odwala ake.

"Bambo, lero ndi lachingati?" Loweruka.

"Pano tili kuti?" Ndatchula mudzi, dera, boma, ndaonjezera mitsinje iwiri yapafupi osafunsidwa.

"Adzukulu anu ndi ndani?" Mayina, makalasi, masiku obadwa.

Wandiuza kuti nditchule miyezi ya chaka chobwerera m'mbuyo. Ndathamanga nayo osapuma. Iye powerengera pa zala wadumpha Seputembala, ndamukonza.

Wapumira m'mwamba, kenako waseka mpaka misozi. Ndamuonetsa mndandanda wa malo asanu uja, ndamuuza zimene ndinamva Tadala akunena. Wasiya kuseka, wandigwira dzanja. Akuti, "Bambo inu, anawo ali ndi makalasi a patchuthi. Mwina chaka chamawa. Koma musamayende nokha m'mapiri, mwamva?" Sindinafunse kuti ndiziyenda ndi ndani.

Akumwa tiyi akuti, "Ndinapempha masiku anayi kuntchito, ndimati ndikhale nanu ndikuoneni bwinobwino. Koma mutu wanu ukuposa wanga. Ndibwerere lero, masikuwo ndisunge." Wakalonjera mayi ake aang'ono, awiriwo aseka kuseri kwa nkhokwe. Chikwama chija sichinatsike m'galimoto. Dzuwa lisanapendeke wanyamuka, ndamupatsira nandolo wa ana.

Lamulungu

Kutchalitchi benchi yonse ndakhala ndekha. Anthu asiya mpata uku ndi uku, wokwana anthu atatu mbali iliyonse. Potuluka amayi awiri a kuchimwala aja andifunsa ngati ufa wayandikira.

A Eneresi abweretsa mbale ya ndiwo, aika pakhonde. Akuti, "Alamu, tinachita mantha, musatidandaule." Ndathokoza. Ndimati akhala pang'ono, koma anasiya madzi pamoto.

Kumishoni sindipita. Tchalitchicho chaima zaka zonsezi popanda ine, chipitiriza. Njinga ndailowetsa m'nyumba, khasu ndabweza kuseri kwa chitseko. Tadala watsegula mizere khumi ndi iwiri ija. Wayankha kuti, "Ok agogo."

Ndakhala pakhonde masana onse, pampando womwe ndinakhala dzulo, kubwereza mafunso aja m'mutu. Ndinakhoza onse, ndipo ndinanyada, kabuku aka sindingakanamize. Ndinkayankha ndikukweza mapewa, kuti mwana wanga aone kuti bambo ake akadali mphunzitsi. Iye n'kuona, n'kukhulupirira, n'kuliza galimoto.

Masiku anayi. Tikanadya patebulo limodzi kasanu ndi katatu, osawerengera tiyi. Ndikumusowa mwana wanga, ndipo dzulo anali pano ndi chikwama cholongedza kale.

Funso loyamba lija silinali lovuta kulakwa. Ndikanangoti Lachitatu.